Kodi LM386 ndi yoyenera kukweza mawu olowa mu kompyuta?

Funso: Ndili ndi maikolofoni ya mtundu wa dynamic, koma ndikailumikiza ku sound card (gawo la kompyuta loona za mawu), mawu amamveka chapansipansi, ndipo ndikawakweza pa kompyutapo pamabwera phokoso lambiri. Mnzanga wandiuza kuti ndipange ampulifaya ya LM386. Kodi ndimumvere?

Yankho: Mnzanuyo wakufunirani zabwino, koma pamenepa musamumvere. LM386 ndi chip yokwezera mawu yomwe inapangidwa kuti izilizitsa timasipika ting'onoting'ono, ndipo ngakhale imatha kukweza mawu kuchokera ka 20 mpaka ka 200, nayonso payokha ndi yaphokoso, moti vuto lomwe mukulithawalo mudzalipeza litakula. Sound card sifuna mphamvu yogwedeza sipika ayi. Imangofuna mawu oyera, okwezedwa pamlingo woyenera.

Maikolofoni yanuyo imatulutsa ma millivolt ochepa chabe, pamene kabowo ka line-in, komwe nthawi zambiri kamakhala ka buluu, kamayembekezera pafupifupi 0.3 V. Choncho mukufunika kukweza mawuwo mwina ka 100, ndipo pa ntchito imeneyi ine ndingasankhe chip ina yokwezera mawu yotchedwa NE5532, chifukwa phokoso lake ndi lochepa kwambiri. Mukailumikiza mwa njira ya non-inverting (mawu a maikolofoni azilowera ku mwendo wake wa plus), n'kuika resistor ya 100 kΩ kuchokera kotulukira mawu kubwerera ku mwendo wa minus, ndi ina ya 1 kΩ kuchokera pamwendo womwewo kupita ku ground, mawu adzakwera ka 101. Resistor yoyambayo ikakhala yopotokola, yoti muzitha kuchepetsera kapena kuwonjezera mawu, ndi bwino koposa, popeza mukapyoza mlingo mawu amasweka, ndipo mawu osweka palibe pulogalamu imene ingawabwezeretse bwinobwino. Chikhala kuti mukujambula gitala yamagetsi, ndikanati chip ya TL072, yomwe siilemetsa pickup (kachipangizo kotola mawu a zingwe za gitala).

Kotulukira mawu ikanipo capacitor ya 10 µF kuti magetsi a DC asafike ku sound card. Za magetsi oyendetsera, mabatire awiri a 9 V ndi abwino kuposa kutenga ku USB, chifukwa magetsi a kompyuta amabwera ndi kulira kwawokwawo komwe kumadzamveka m'zojambulazo. Waya wa maikolofoni akhale wa shield (wokutidwa ndi chitsulo chotchinga phokoso), ndiponso wamfupi.

Malaputopu ambiri alibe line-in, ali ndi kabowo ka maikolofoni kokha, komwe kamakweza kale mawu. Ngati yanu ndi yotere, kwezani ka 10 kokha, mulankhule mokweza, muone ngati mita ya pulogalamu yojambulira sikufika pofiira, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono.