Tsiku limodzi pa Mulanje limayenda bwanji?

FUNSO: Malume, ndine mayi wa zaka 41, ndimagwira ntchito ya mu ofesi muno mu Lilongwe. Anzanga a kutchalitchi akonza zoti mu Julayi tikakwere phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa, ulendo wa masiku atatu, aliyense chikwama chake kumsana. Mtima ukufuna koma mantha andigwira. Kodi tsiku limodzi kumeneko limayenda bwanji? Ndingathe ine? — Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Mungathe, achemwali, ndipo ndikulakalaka mutapitadi. Koma poti mwati masiku atatu, dziwani kuti tsiku loyamba ndiye lowawa, chifukwa muyenera kuchoka ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango, n'kukagona ku kanyumba ka Chisepo m'munsi mwa Sapitwa. Pamenepo pali maola 6 mpaka 8 a kuyenda, ndipo mukwera mamita oposa 1,000. Nyamukani kukangocha. Gulu lonyamuka 10 koloko chifukwa chodikira tiyi limafika kuli mdima, ndipo mdima wa paphiri si wa mu Area 25.

Maola awiri oyamba ndi amene amabweza anthu. Chitunda chimayambira pomwepo, mwala pamwamba pa mwala, mtima nkumagunda m'makutu, malamba a chikwama akudya m'mapewa. Apa musapikisane ndi achinyamata. Pondani pafupipafupi, pumani pang'ono chiimire, imwani madzi ludzu lisanakugwireni. Mukakhala pansi nthawi yaitali akatumba amauma, kudzuka kumavuta. M'thumba la jekete muzikhala mtedza wokazinga, chigumu kapena mbatata yophika, muzitafuna mukuyenda. Nsima siyani ikhale ya madzulo.

Kenako, osayembekezera, chitunda chimatha. Mumatulukira pa chidikha cha udzu, timitsinje toyera tikuyenderera pamathanthwe, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Mukacheuka, midzi ndi minda zili kutali pansi panu, mitambo ina ikuyandama m'munsi mwa mapazi anu. Ine ndikafika pamenepo ndimavula nsapato, kuviika mapazi m'madzi, n'kuyang'ana ngati pachidendene payamba kufiira. Pakafiira matanipo pulasitala nthawi yomweyo, lisanatuluke thuza. Thuza limodzi limatha kuononga ulendo wonse.

Chimandipweteka mtima pa chidikhapo ndi zitsa za mkungudza. Mtengo wa dziko lathu umenewu kwawo kwenikweni ndi pa Mulanje pokha, koma odula mozemba ndi moto wolusa zatsala pang'ono kuumaliza, ngakhale phirili lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa kale mu 1927. Mukaona mbande zimene akudzala, zilambalaleni.

Masana akapendeka, nyengo imasintha mofulumira. Mukakwera mamita 1,000 aliwonse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo Julayi ndi mwezi wa chiperoni. Nkhungu imatha kutseka phiri lonse pa kanthawi kochepa, mnzanu ali apo inu osamuona, mathanthwe n'kuyamba kuterera. Juzi, chipewa, jekete yosalowa madzi ndi tochi zikhale pamwamba m'chikwama. Zovala zogonera zimangeni m'jumbo kuti zisanyowe. Ku kanyumba mukapeza mlonda, nkhuni ndi pokolezera moto, koma ufa, ndiwo, shuga ndi chofunda chochindikala n'zanu. Malaya a thukuta vulani mukangofika, chifukwa usiku kumagwa chisanu choopsa.

Tsopano za "aliyense chikwama chake". Apa sindikugwirizana ndi anzanuwo. Munthu amene mwazolowera mpando wa mu ofesi musasenze katundu wa masiku atatu pa chitunda chimenechi. Ku Likhubula kuli anyamata onyamula katundu ndi otsogolera njira, ana a m'midzi ya m'mphepete mwa phiri, amene ntchito imeneyi ndiyo imadyetsa mabanja awo. Sonkhani ndalama muwalembe, muwalipire bwino. Inu mutsale ndi kachikwama ka madzi, kamba ndi jekete.

Wotsogolerayo mumvereni makamaka m'mawa wa tsiku lachiwiri. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo kumapeto kwake si koyenda chilili: mumakwawa pamathanthwe ndi manja, kwina nkumafinyika m'mipata ya pansi pa miyala. Kupita ndi kubwerera ku Chisepo kumadya maola 6 kapena kuposa. Akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero sitikwera, kapena kuti tibwerere pomwe pano, musamunyengerere poti mwachokera kutali. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adafera kumeneko atapitirira yekha popanda womutsogolera. Nkhani za mizimu ya paphiripo mukazimva kwa eni dera, ndipo muzikazimvetsera mwaulemu. Ine chimene ndimakuoperani ndi nkhungu ndi kuzizira.

Kuyambira sabata ino, yendani ola limodzi m'mawa uliwonse mutavala nsapato zimene mudzapite nazo. Zatsopano zochokera m'sitolo ayi. Loweruka lina kakwereni Bunda, lina Nkhoma, ndipo Juni asanathe mukayese phiri la Dedza, la mamita 2,198, chikwama chili kumsana. Mukatsika Dedza mawondo akunjenjemera, pezani ndodo yolimba, chifukwa tsiku lachitatu pa Mulanje ndi mtsetse wokhawokha mpaka ku Likhubula.