Tifunseni: Mapu akuunjika odwala onse pa boma

FUNSO: Ine ndimalowetsa data pa chipatala china kuno ku Mulanje ndipo tili pa kafukufuku wa ana otsegula m'mimba, tikufuna tione kuti ambiri akuchokera dera liti. Koma ndikaika ma adiresi a mu rejisitala mu pulogalamu ya mapu, ana pafupifupi onse ikuwaunjika pa boma ngati wa ku Muloza ndi wa ku Chonde amagona nyumba imodzi. Ndikulakwitsa pati? Ndine wanu wa ku Chitakale.

YANKHO: Achemwali musadzide, simukulakwitsa ayi. Chomwe mukupangacho amati geocoding, kutenga adiresi nkuisandutsa manambala awiri a GPS, latitude ndi longitude. Nde mapulogalamu ambiri anawapangira malo oti nyumba ili ndi nambala, msewu uli ndi dzina. Ife mayi akabwera ndi mwana kumsana amati timakhala kwa a T/A Mabuka, mukadutsa chigayo mutsike kumanzere pali mjigo, ndipo munthu wa kabaza akafikadi pakhomopo koma kompyuta imangotola mawu amodzi omwe ikuwadziwa, Mulanje, nkuponya kadontho pakati basi. Onjezeraninso kalembedwe, wina Mthiramanja wina Nthiramanja, uyu Nkanda uyo Mkanda, kwa iyo amenewa ndi malo osiyana.

Ine ndinganene kuti siyani kaye kulimbana ndi pulogalamuyo, khalani pansi ndi ma HSA, alangizi a zaumoyo a m'midzi aja. Anthu amenewa midzi yawo amaidziwa ngati chikhatho. Aliyense atenge foni yokhala ndi pulogalamu yotolera data ya KoboToolbox kapena ODK, zimagwira opanda bandulo chifukwa GPS simadalira netiweki, akaime pa mjigo, pa sukulu, pa tchalitchi, pa mzikiti, pa msika, pa bwalo la amfumu, adine batani nkulemba dzina lomwe eni mudzi amatchula. Zikatero fomu yanu isamalole kutayipa, munthu azingosankha T/A, kenako gulupu, mudzi, nkumaliza ndi chizindikiro chapafupi. Ku Blantyre ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anapanga zofananako pa odwala TB ndi pulogalamu ya ePAL, wodwala amatchula malo odziwika apafupi nkuloza kwawo pa chithunzi cha satelayiti cha pa tabuleti.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi funso lomwe mumafunsa mayiyo. Mukati kwanu ndi kuti, wothyola tiyi akuuzani kumudzi komwe kuli makolo pomwe mwana wadwalira ku ma layini a pa esiteti. Mabanja enanso anasamuka chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023 koma kabuku ka kuchipatala kakadali ndi mudzi wakale. Pa zotsegula m'mimba funsani kuti mwanayu wagona kuti sabata yathayi, nanga madzi mumatunga pati. Dokotala John Snow ku London mu 1854 anachita zomwezo, anaika omwalira ndi kolera pa mapu ndipo zinaonekeratu kuti azungulira mjigo umodzi wa pa Broad Street.

Chonde pa mapu omwe mudzaonetse anthu musadzaike kadontho pa nyumba ya wodwala, kumudzi aliyense adziwa kuti ndi kwa uje. Onetsani pa mudzi kapena pa gulupu, manambala enieniwo atsekeredwe ndi pasiwedi, ndipo zoti mukutenga GPS zilembedwe mu pepala lachilolezo lomwe a komiti yovomereza kafukufuku, COMREC kapena NHSRC, avomereza musanayambe.