Achemwali, mnyamatayo apite ku laibulale

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kunditalikira. Ndamva funso lanu lija, loti mnyamata wathu chilembereni mayeso a Sitandade 8 akungokhalira foni ndi mpira, ndiye mumugulire mabuku anji oti aziwerenga podikira zotsatira.

Ine monga malume ake ndikuti musagule kaye. Ndalamayo isungeni, ikubwera nkhani ya yunifolomu ndi zina zofunika ku Fomu 1. Inu muli mu Lilongwe momwemo, likulu la laibulale ya National Library Service lili pa City Centre pomwepo, minibasi imodzi basi. Ndi ya boma, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Zomba, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Anthu timangoidutsa poganiza kuti ndi ya ana a ku yunivesite okha, ayi ndithu. Muli mbali ya ana, muli nyuzipepala, ndipo mukamulembetsa kukhala membala azibwereka buku n'kupita nalo kunyumba.

Koma chonde, mwamva, musakafike n'kumuunjikira mabuku a masamu ndi sayansi kuti akonzekere sekondale. Mwanayu wangotuluka kumene m'mayeso, mutu watopa. Mukamusiye pa shelefu asankhe yekha, ngakhale atenge la zithunzi kapena la mpira, musamunyoze. Chofunika pano n'choti azolowere kumaliza buku popanda womuopseza ndi chikwapu. Akayamba kukoma nazo, ndiye mumulozere za Chichewa. A laibulale omwewo amasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani, tosavuta, tonena za kwathu konkuno. Kenako akafunse Nthondo, lija analemba a Samuel Ntara kalekale mu 1933, ndi mabuku a a Gwengwe. Paja Chichewa chake mnyamatayu n'cha m'tauni chokhachokha, mwambi umodzi sautha.

Eya, china. Bungwe lomweli linayenda m'midzi kujambula nthano kwa agogo kuti zisatayike, ndipo pamakhala nthawi yofotokozera ana nthanozo, zija za "padangotero", ana n'kumayankha "tili tonse". Mukafunse pa kauntala tsiku lake, mutengenso kamtsikana kaja, kangasangalale kwambiri.

Akamachita ulesi mumukumbutse za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Nthawi ya njala ya 2002 ija anali atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, n'kupeza buku la za magetsi lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa, ankatsatira kwambiri zithunzi, koma ali ndi zaka 14 anapanga makinawo ndi zitsulo zotola komanso zida za njinga, nyumba ya kwawo n'kuyaka magetsi. Sindikuti wathuyu atiphwasulire njinga ya alamu, aaa, ayi!

Ndiye tichite chonchi: tsiku loyamba mupite naye inuyo, mwina polembetsa mwana pangafunike wamkulu, mutengenso chiphaso chanu cha unzika. Ya transipoti ya mwezi woyamba ndikutumizirani ine pa foni madzulo ano. Iyeyo mumuuze kuti Lamlungu ndidzamuimbira, adzandifotokozere yekha zimene wawerenga. Moni kwa alamu.