Ndalama za m'gemu zaima pa 2,147,483,647: nambala imeneyi ndi yotani?

Mnyamata wina wa Fomu 3 wandilembera imelo sabata ino. Akuti ankasewera gemu pa foni, ndalama zake za m'gemumo zinakwera mpaka 2,147,483,647 kenako zinangoima, osawonjezekanso. Akufunsa ngati opanga gemu anangoitola nambalayi mwachisawawa.

Achimwene, sanangoitola ayi. Tengani 2, muzichulukitsa ndi 2 mpaka ma 2 akwane 31. Mupeza 2,147,483,648. Chotsanipo 1, ndiye nambala yanu ija.

Kompyuta imalemba manambala ndi 0 ndi 1 basi. Mapulogalamu ambiri amapatsa nambala malo 32: amodzi osonyeza ngati ili pamwamba kapena pansi pa ziro, 31 otsalawo n'kukhala a nambalayo. Malo onse 31 akadzaza ndi 1, thumba lakhuta. Gemu yanu inafika pamenepo.

Koma mbali imene ine ndimaikonda kwambiri ndi iyi: nambalayi ndi prime, kutanthauza kuti palibe china choigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ili m'banja la ma prime opezeka pochulukitsa ma 2 n'kuchotsapo 1, otchedwa a Mersenne, potengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene analemba za manambala oterewa mu 1644. M'banjamo muli 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071, 524,287, ndipo yanuyi ndi yachisanu ndi chitatu. Musaganize kuti njirayi imabala prime nthawi zonse. Ma 2 akakhala 11, mukachotsapo 1 mumapeza 2,047, yooneka yolimba ndithu, chikhalirecho ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Tsono yang'anitsitsani 23 ndi 89. Mukagawa iliyonse ndi 22 (11 uja kuchulukitsa ndi 2), kumatsala 1. Si mwangozi. Pa nambala yanu, chilichonse choigawa chiyenera kusiya 1 mukachigawa ndi 62 (31 uja kuchulukitsa ndi 2), choncho prime yoyamba yoyenera kuiyesa n'komwe ndi 311. Komanso palibe chifukwa chopitirira 46,340, poti nambalayi ikanakhala yogawika, chimodzi mwa zoigawa chikanapezeka musanadutse pamenepo. Ndi maganizo otere, ataonjezapo nzeru zake zochepetsera ntchito, katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza mu 1772 kuti ndi prime. Nthawi imeneyo n'kuti maso ake atasiyiratu kuona. Ndikamaganiza zimenezi, kudandaula kuti ndilibe kakyuleta kumandichititsa manyazi.

Kukhala prime kwakeko sikukhudzana ndi kuima kwa gemu yanu. Zinthu ziwirizi zangokumana pa nambala imodzi. Koma malirewo ali ndi vuto lenileni. Makompyuta ambiri amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 January 1970, ndipo masekondiwo adzakwana 2,147,483,647 pa 19 January 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno kwathu. Makina akale osakonzedwa akadzawonjezera sekondi imodzi, adzaona ngati abwerera ku December 1901. N'chifukwa chake makina atsopano akusungira nthawi m'malo 64.