Mmene mungasankhire sikirini yoti pulogalamu ionekerepo

Mayi, mwafunsa chimene mungachite kuti mawu a nyimbo okha ndiwo azionekera pa pulojekita ya kutchalitchi kwanu ku Luchenza, popeza pakadali pano mpingo wonse umaona chilichonse chimene mwatsegula pa laputopu.

Vuto lagona pa mmene Windows yalumikizira masikirini awiriwo. Mukalowetsa chingwe cha HDMI kapena VGA, kawirikawiri kompyuta imadzisankhira Duplicate, kotero kuti zimene zili pamaso panu n'zomwezo zimene zili pakhoma. Dinani batani la Windows pamodzi ndi la P, ndipo pa zosankha zinayi zimene zidzatuluke, sankhani Extend. Mukatero pulojekita imakhala ndi malo akeake, ndipo palibe pulogalamu imene imaonekerapo kufikira inu mutaipititsako. Kuti mupititseko pulogalamu, idineni kaye, kenako gwirani Windows ndi Shift n'kudina muvi wa kumanja kapena wa kumanzere.

Chimene ambiri amalakwitsa chili mu Settings, pansi pa System ndi Display. Mukadina Identify, nambala 1 ndi 2 zimaonekera pa masikirini kuti mudziwe iyi ndi iti. Pomwepo pali kabokosi kolembedwa Make this my main display, ndipo ndikukupemphani kuti musakachonge pa pulojekita, ngakhale ena amalangiza zimenezo ngati njira yachidule. Mauthenga a WhatsApp ndi zidziwitso zina zimatulukira pa sikirini imene mwaichongera kabokosi kameneka, ndipo sindikhulupirira kuti mungakonde kuti uthenga wa kunyumba uwerengedwe ndi mpingo wonse kwaya ili mkati moimba.

Ngati nyimbozo mumazikonza mu PowerPoint, pitani pa Slide Show, ndipo pamene palembedwa Monitor sankhani pulojekita, kenako chongani Use Presenter View. Anthu aziona ndime imene ikuimbidwa, inu mukuoneratu yotsatira.

Magetsi akazima, kapena chingwe chikasolokamo, zonse zimene zinali pakhoma zimabwerera pa laputopu. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, ili ndi kabokosi ka Remember window locations based on monitor connection pansi pa Multiple displays, kamene kamazibwezera m'malo mwake pulojekita ikayakanso. Windows 10 ilibe kabokosi kameneka, choncho ngati laputopu ya mpingo ili ndi imeneyo, muzizibwezera nokha ndi mabatani atatu aja.