Manda a Yesu awiri ku Yerusalemu: enieni ndi ati?

Mayi wina amene akukonzekera ulendo wa ku Israeli pamodzi ndi anzake a mumpingo wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti alendo ku Yerusalemu amaonetsedwa manda awiri, onse otchedwa a Yesu, ndipo akufunsa ngati malo otere ali enieni kapena anangokonzedwa kuti ena azidyerapo ndalama za anthu opemphera.

Mayi, zimene munamvazo n'zoona, ndipo ine ndinalowa m'manda onse awiri. Oyamba ali m'kati mwa tchalitchi cha Holy Sepulchre, chimene mfumu Constantine inalamula kuti chimangidwe, n'kupatulidwa m'chaka cha 335. Achiwiri ndi a Garden Tomb, kunja kwa chipata cha Damascus, amene anatchuka m'zaka za m'ma 1880 pamene msilikali wa ku Britain, Charles Gordon, ananena kuti thanthwe la pafupi ndi malowo likufanana ndi chigaza cha munthu, kotero kuti ndilo Gologota.

Ndisakunamizeni, mtima wanga unakhazikika ku Garden Tomb. Kuli maluwa, mithunzi ndi mabenchi, ndipo magulu a m'mayiko osiyanasiyana amaimba ndi kudya Mgonero mopanda kukankhana. Vuto n'lakuti akatswiri ofukula zakale amati manda amenewa anasemedwa zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, chonsecho Yohane 19:41 akunena za manda atsopano amene munali musanaikidwe munthu.

Ku Holy Sepulchre n'kosiyana kwambiri. Muli mdima, utsi wa lubani ndi chipwirikiti, ndipo nditaima pamzere kwa nthawi yaitali, wansembe wolondera pakhomo la mandawo ananditulutsa ndisanamalize n'komwe Pemphero la Ambuye. Komabe umboni wambiri uli kumeneko. Ena amatsutsa ponena kuti tchalitchicho chili m'kati mwa linga pamene Yesu anapachikidwa kunja kwa mzinda, koma linga limene mudzaone linamangidwa ndi Suleiman m'zaka za m'ma 1500. M'masiku a Yesu malowo anali kunja, posemera miyala pakale pomwe anthu anagobapo manda, ndipo malowo analowa mumzinda pamene mfumu Herode Agripa anakulitsa linga patapita zaka pafupifupi 10. 

Ngati mukufuna malo osakayikitsa, muwapeza kumene kulibe zokongoletsa zambiri. Masitepe a thamanda la Siloamu, kumene munthu wobadwa wosaona uja anakasamba, anatulukira mu 2004 anthu akukonza mpope wa zonyansa. Nyanja ya Galileya nayo palibe anaisuntha. Ife ozolowera nyanja ya Malawi timadabwa kuchepa kwake, chifukwa ndi yotalika makilomita 21 okha ndipo tsidya lina limaoneka bwinobwino, koma mukakhala pagombe ku Kaperenao, pakati pa maziko a miyala yakuda a tinyumba tothithikana, mumamvetsa mmene khamu linatsekera khomo mpaka anthu anayi aja onyamula munthu wofa ziwalo n'kusasula denga. Ku Ginosar, m'mbali mwa nyanja yomweyi, kuli bwato la m'nthawi ya Yesu, limene linapezeka m'matope mu 1986 madzi ataphwera ndi chilala, ndipo nsomba imene adzakukazingireni, yotchedwa nsomba ya Petro, ndi mbale wake wa chambo.

Langizo langa n'lakuti mukaone manda onse awiri, koma ku Holy Sepulchre mukalawirire m'mamawa, mabasi a alendo asanafike. Nditabwererako tsiku lachiwiri mbandakucha, ndinapeza amayi ochepa okha atagwada pa mwala wa pakhomo, akuupukuta ndi mipango yawo.