Kompyuta ikuzima yokha ku Ngabu: ndiboole chitsulo ndiikepo fani?

FUNSO: Bambo, ine ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata pa Ngabu. Chiyambireni Okutobala kompyuta yanga ya patebulo ikumazima yokha dzuwa likafika paliwombo, makamaka ndikamakonza zithunzi za makasitomala. Ndikaisiya ola limodzi imayaka bwinobwino. Ndili ndi fani yomwe ndinachotsa m'kompyuta ina yakufa, ndipo mnzanga wowotcherera zitsulo akuti atha kundiboolera chivindikiro cha m'mbali kuti tiimangirire pamenepo. Kodi ndimulole? — Wowerenga wa ku Ngabu, Chikwawa

YANKHO: Achimwene, kuboola n'kotheka ndipo kumathandiza, koma mnzanuyo ayambe wadikira.

Kuzimako kompyuta ikudziteteza. Purosesa, kachipangizo komwe kali ngati ubongo wa kompyuta, ndiyo imatentha kwambiri. Purosesa zambiri zikatentha kufika cha m'madigiri 100 zimachepetsa liwiro, ndipo zikapanda kuzizira zimazimitsa makina onse kuti zisapse. Kwathu ku Chigwa cha Shire kuno, Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa madigiri 40, ndiye m'kachipinda ka malata kopanda siling'i mukudziwa nokha mmene mumakhalira. Fani sipanga mpweya wozizira ayi. Imangochotsa wotentha wa m'kati n'kulowetsa womwe mukupuma inuwo, choncho njira ya mpweyawo ikatsekeka, purosesa ilibe pothawira.

Chimatseka njirayo kawirikawiri ndi fumbi. Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, tsegulani chivindikiro, muone timizere tachitsulo tomwe tili pansi pa fani ya purosesa. Makompyuta omwe amandipeza kuchokera cha ku Nchalo amakhala atatsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi phulusa la nzimbe zowotcha. Tulukani nayo panja, mupukute ndi burashi youma ya penti, mupemerere ndi pampu ya njinga, chala chili pa fani kuti isazungulire. Ngati kompyutayo yatha zaka osasinthidwa thermal paste, phala lomwe limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, ndiye kuti linauma. Pukutani lakalelo ndi sipiliti, muike latsopano kadontho kamodzi kukula ngati njere ya nandolo. Kabokosi ka power supply kokha, komwe kamalandira magetsi a pakhoma n'kugawira zipangizo za m'kati, musakatsegule, chifukwa kamasunga magetsi ngakhale chingwe mutazula.

Mukatero yesani tsiku limodzi motere: gwirani ntchito chivindikiro chili chotsegula, fani ya patebulo ikuuzira m'katimo. Ikasiya kuzima, vuto ndi mpweya ndipo bowo lithandizadi. Ikazimabe, mukanaboola pachabe, vuto lili kwina, mwina power supply yatopa. Muyang'anenso kumbuyo ndi kuseri kwa pulasitiki ya kutsogolo, chifukwa mabokosi ambiri amabwera ndi malo a fani oboola kale omwe angokhala.

Tsopano ngati kuboola kuli kofunikadi. Choyamba chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse: chivindikiro chichoke pa kompyuta, mupite nacho kutali. Kachidutswa ka chitsulo kamodzi, kosaoneka bwino ndi maso, kakagwera pa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, kamalumikiza magetsi posayenera, ndipo ndalama yogulira ina si yofanana ndi ya fani. Chachiwiri, moto wa wowotcherera usayandikire. Chitsulo cha zivindikirozi nthawi zambiri sichifika milimita imodzi kuchindikala; moto umachibowola mosalongosoka, chimapindika, penti n'kupsa, kenako sichitsekanso bwino. Ine ndingakonde mupite kwa mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, amene manja ake anazolowera malata opyapyala.

Yezani fani yanuyo. Zodziwika ndi za mamilimita 80, 92 ndi 120. Ya 80 imafuna bowo la mamilimita pafupifupi 76, ndipo mabowo a masikuluwu amatalikirana 71.5. Ya 120 imafuna bowo la 114, masikuluwu 105. Mutakhala ndi mwayi wosankha, tengani ya 120: imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, osasokosera makasitomala. Fani zambiri n'zochindikala mamilimita 25, ndiye musanalembe chizindikiro chilichonse onetsetsani kuti chivindikiro chikatsekedwa siikhudza choziziritsa purosesa kapena zingwe. Malo abwino ndi moyang'anizana ndi purosesa, kapena pansi pang'ono ngati muli ndi graphics card, khadi lapadera loyendetsa zithunzi pa sikirini.

Matani tepi ya pepala pa chivindikiro kuti penti isakalike, ikani fani pamwamba, mulembe mabowo anayi a masikuluwu ndi mzere wozungulira. Yalani thabwa pansi, mupanikize chitsulocho chisagwedere. Yambani ndi mabowo anayi aja, pogwiritsa ntchito kachitsulo koboolera ka mamilimita 5. Bowo lalikulu limatuluka bwino ndi hole saw, sowo yozungulira yomangirira pa makina oboolera, makinawo akuyenda pang'onopang'ono, mutadonthezapo oyilo. Ikasowa, boolani timabowo tambiri motsatana m'kati mwa mzere, mudule pakati pake ndi sizasi ya malata, kenako musalaze ndi tupa mpaka chala chizidutsa osachekeka. Tupa ndiye ntchito yeniyeni pamenepa, musaithamangire. M'maso muvale magalasi. Mukamaliza tsukani chivindikiro, chiume gwa, mupake penti m'mphepete modulamo kuopa dzimbiri la nthawi ya mvula.

Pomangirira, onani mivi iwiri yomwe fani zambiri zimakhala nayo m'mbali. Umodzi umaonetsa kolowera mpweya. Ikasowa, dziwani kuti mpweya umatulukira mbali yomwe kuli timitanda togwira mota. Fani ya m'mbaliyi ilowetse mpweya, ya kumbuyo itulutse. Zonse zikamalowetsa kapena zonse zikamatulutsa, phindu limachepa. Fanizi zimayendera mavoti 12: lumikizani pa motherboard polembedwa SYS_FAN kapena CHA_FAN, kapena pa chingwe cha Molex, cha mawaya anayi chochokera ku power supply, pomwe waya wachikasu ndi wa 12 ndipo wakuda ndi wobwezera.

Bowo latsopano ndi khomo latsopano la fumbi ndi tizilombo, ndiye likufuna sefa. Kachidutswa ka waya wa m'mawindo kamakwanira, ndipo kamatetezanso zala za ana obwera kushopu. Neti yomwe mumagonamo isadulidwe chifukwa cha kompyuta, udzudzu wa kwathu kuno mukuudziwa. Sefayo muziikuntha sabata iliyonse mpaka mvula itagwa.

Kompyutayo ichoke pansi, ikhale patebulo, kumbuyo kwake kusagunde khoma, ndipo ntchito ya zithunzi muziigwira m'mawa kusanatenthe. Musanachite chilichonse lembani madigiri omwe BIOS (tsamba la masetingi lomwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka) kapena pulogalamu ya HWMonitor ikuonetsa masana, mulembenso mukapukuta fumbi, ndiponso mukaika fani. Munditumizire manambala atatuwo, achimwene, tione ngati pakufunika china.